Usiku umene agalu analira ku Isan

Agalu akayamba kuuwa pakati pa usiku, ambirife timaganiza za akuba. Ine ndimaganiza za mapepala atatu a ndalama, a mtundu wa pepo, oikidwa pansi pa kadengu ka mpunga. Zinandilowa m'mutu usiku wa pa 13 Meyi 2023, m'mudzi wina wa ku Isan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, ndipo mpaka lero zakana kutuluka.

Chaka chimenecho ndinali ku Khon Kaen, ndikuphunzira za ulimi wa mpunga. Mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa komweko amene tinkadyera limodzi nkhomaliro, anandiuza kuti Loweruka akupita kwawo chifukwa Lamulungu kuli chisankho, ndipo mayi ake anali atanena kale kuti asakafike yekha. Tinakwera basi yodzaza ndi anthu obwerera kumudzi kukavota: oyendetsa matakisi, ogwira ntchito m'mafakitale, atsikana a m'malesitilanti, aliyense ndi kachikwama kake pamiyendo.

Ndinkaganiza kuti za kuba mavoti ndikuzidziwa kale. Kodi si nkhani ya wolemera ndi thumba lake, ndi wosauka ndi njala yake?

## Pansi pa nyumba

Nyumba zambiri za ku Isan zimaima pa mizati, ndipo moyo wonse umachitikira pansi pake. Pamakhala thandala la nsungwi, mbaula, mtondo wosinjira mapapaya osapsa ndi tsabola, ndi nkhuku zongoyendayenda. Meyi ndi mwezi wotentha, minda ikadali gwaa kudikira mvula. Mayi a mnzanga, amene tonse tinkawaitana kuti Mae, kutanthauza mayi, anatilandira ndi mpunga womata wa m'kadengu, umene umadyedwa ndi manja, kuumba mbamu ngati nsima. Mchimwene wa mnzanga anali atafika m'mawa kuchokera ku Bangkok, kumene amanyamula anthu pa njinga yamoto. Bambo awo anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo.

Kuyambira 6 koloko madzulo a tsiku loti mawa n'chisankho, lamulo limaletsa kugulitsa mowa, ndipo kampeni imakhala yatsekedwa. M'mudzi munali zii. Zokuzira mawu za kwa nyakwawa, zimene tsiku lonse zinkakumbutsa anthu kukavota, zinali zitazimitsidwa.

Cha m'ma 10 koloko galu mmodzi anayamba kumapeto kwa mudzi. Wina anayankha. Kenako phokoso lija linayamba kuyenda khomo ndi khomo, likubwera cha kwathu. Mnzanga anaika foni pansi n'kundiyang'ana.

"Khuen ma hon," anatero. Usiku wa agalu olira. Ndi dzina limene anthu a ku Thailand anaupatsa usiku umenewu, chifukwa ndi pamene ogawa ndalama amayenda, agalu n'kumawaulula.

Ndinkayembekezera mlendo wobisa nkhope. Koma amene anatsika pa njinga yamoto anali bambo achikulire a m'mudzi momwemo, atavala patapata, kabuku ka ana asukulu kali m'thumba la malaya. Anaphatikiza manja pachifuwa popereka moni. Mae anawasendera pa thandala, mchimwene wa mnzanga n'kuwatungira madzi. Anakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za mwana wa auje amene akukwatiwa. Anandifunsa kudzera kwa mnzanga ngati kwathu timalima mpunga, ndipo ndinawauza za Kilombero wa ku Karonga. Atatsala pang'ono kunyamuka anatsegula kabuku kaja, anachonga mayina atatu, ananyamula kadengu ka mpunga, anaika pansi pake mapepala atatu a 500 baht, n'kutchula nambala imodzi. Kumeneko wopikisana aliyense amakhala ndi nambala, ndipo nambalayo ndi imene umaichonga. Dzina la chipani sanalitchule. Lonjezo sanapemphe. Njinga inalira, agalu a nyumba yotsatira n'kuyamba.

Anthu ogwira ntchito imeneyi amatchedwa hua khanaen, mutu wa mavoti.

## Mapepala ndi awiri

Njinga isanafike patali, mnzanga anali ataimirira kale.

"Mae, kabwezeni."

Mae sanakweze mawu. Mnzanga ankandimasulira kwinaku akutsutsana nawo, mawu ake akunjenjemera.

"Ndikabweze kwa ndani? Bambo ako atakomoka usiku uja, galimoto imene inawatengera kuchipatala inali ya ndani? Pa maliro awo, matenti ndi mipando zinachokera kuti? Ukufuna mawa ndidutse pakhomo pawo nditawaponyera ndalama kumaso?"

Ndinalimba mtima n'kufunsa: "Mayi, ndiye kuti mawa mukavotera nambala ija?"

"Mwana wanga," anatero, "mapepala ndi awiri."

Ndipo analidi awiri. Pa mipando 500 ya m'nyumba ya malamulo, 400 inali ya aphungu a m'madera, ovoteredwa pa pepala la pepo. Mipando 100 yotsalayo inkagawidwa ku zipani molingana ndi mavoti a pa pepala lobiriwira.

"La pepo ndi la msewu, la madzi ndi la maliro," anatero Mae. "Lobiriwiralo ndi langa."

Poyamba ndinamva ngati ndi zija timanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: tenga zapafupi, zamawa sudziwa. Koma nditakhala nawo usiku wonse ndinaona kuti Mae sanali munthu woti wagulidwa ndi 500 baht. Ndalamayo inali ngati siginecha pa ubale umene unayamba kalekale ndipo udzapitirira chisankho chikatha. Sindikunena kuti ndi zabwino. Msewu ndi galimoto yopita kuchipatala zimayenera kubwera chifukwa ndiwe nzika, osati chifukwa dzina lako lili m'kabuku ka munthu. Ndikungonena kuti mayi amenewa ankadziwa bwino lomwe chimene akupereka ndi chimene akusunga.

## Khadi lagolide ndi malaya ofiira

Mae anakwera makwerero n'kutsika ndi jumbo yakale. Munali kakhadi kotha m'mbali ndi malaya ofiira opindidwa bwino.

Khadilo linali la ndondomeko imene boma la Thaksin Shinawatra linayambitsa atapambana chisankho cha 2001: munthu ankalipira 30 baht yokha akapita ku chipatala cha boma, kaya matenda akule bwanji. Anthu amalitcha khadi lagolide. Masiku ano chiphaso cha unzika chimakwanira, koma Mae lawo sanataye. Anati kale munthu akadwala kwambiri, banja linkasankha pakati pa kugulitsa njati yolimira ndi kumusiya afere kunyumba. Mayi awo anafera kunyumba. Amuna awo, atapezeka ndi shuga, analandira mankhwala zaka zambiri osagulitsa ngakhale nkhuku. Anatchulanso thumba la ngongole la 1 miliyoni baht limene mudzi uliwonse unalandira, kumene iwo anabwereka ndalama yogulira pampu.

"Uyu ananena chinthu pa kampeni, n'kudzachichitadi," anatero. "Tinali tisanazionepo."

Kenako anatambasula dzanja n'kuyamba kupinda zala.

Chala choyamba, Thaksin mwiniwake. Anapambananso mu 2005 ndi mipando yochuluka zedi, koma pa 19 Seputembala 2006, ali ku New York ku msonkhano wa United Nations, akasinja analowa m'misewu ya Bangkok. Chaka chotsatira chipani chake cha Thai Rak Thai chinathetsedwa, ndipo atsogoleri ake 111 analetsedwa kuchita ndale zaka zisanu.

Chala chachiwiri, Samak Sundaravej. Anthu omwewo anavotanso kumapeto kwa 2007, chipani chitasintha dzina, ndipo anapambananso. Mu Seputembala 2008 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linachotsa Samak pa unduna waukulu chifukwa ankalandira malipiro pa pulogalamu yophika ya pa TV.

Chala chachitatu, Somchai Wongsawat, mlamu wake wa Thaksin. A malaya achikasu, gulu lodana ndi Thaksin, anatseka mabwalo onse awiri a ndege a ku Bangkok, ndipo pa 2 Disembala 2008 khothi lomwelo linathetsa chipani cholamula chifukwa mmodzi wa atsogoleri ake anapezeka wolakwa pa mlandu wachinyengo pa chisankho. Apa ndi pamene ndinatchera khutu. Kugula mavoti kwa munthu mmodzi kunagwetsa boma lonse, pamene aliyense ankadziwa kuti agalu salirira chipani chimodzi chokha.

Asanapinde chala chachinayi, Mae anagwira malaya aja, ofiira ngati a otsatira Thaksin onse. Mu 2010 anakwera galimoto yapikapu ndi anzawo a m'mudzi kupita ku Bangkok kukafuna chisankho chatsopano. Anagona pa phula pa mphambano ya Ratchaprasong, pakati pa masitolo akuluakulu amene anali asanalowemo chibadwire. Pofika pa 19 Meyi, pamene asilikali anabalalitsa zionetserozo, anthu pafupifupi 90 anali atafa, ambiri a iwo anthu wamba. Asanu ndi mmodzi anawomberedwa pa kachisi wa Wat Pathum Wanaram, kumene anthu anathawira poganiza kuti m'kachisi chipolopolo sichilowa.

Chala chachinayi, Yingluck, mlongo wake wa Thaksin. Anapambana mu 2011. Khothi linamuchotsa pa 7 Meyi 2014, ndipo pa 22 Meyi mkulu wa asilikali Prayut Chan-o-cha analanda boma.

"Anayi," anatero Mae. "Onse ndinawasankha ine. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuchotsa ine."

Mnzanga naye anali ndi zala zake. Anatchula nkhondo yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo ya mu 2003, imene inapha anthu oposa 2,000 m'miyezi yochepa, ambiri osafika kukhothi. Anatchula Tak Bai mu 2004, kumene Asilamu 78 a kum'mwera anafa atapanikizidwa m'malole a asilikali. Anatchula za banja la Thaksin kugulitsa kampani ya Shin Corp kwa Temasek ya ku Singapore mu 2006 pa mtengo wa 73 biliyoni baht osalipira msonkho. Za mpunga ndinkazidziwa kale kuchokera m'kalasi: boma la Yingluck linkagula mpunga wosapuntha pa 15,000 baht pa tani, mtengo woposa wa pamsika, mpaka nkhokwe zinadzaza, ndalama zinatha, alimi n'kudikira malipiro awo miyezi.

"Ndipo tsopano mwana wake," anatero mnzanga. Paetongtarn, mwana womaliza wa Thaksin, anali atachita kampeni ali ndi pakati, n'kubereka kutatsala milungu iwiri kuti chisankho chichitike. "Mlamu, mlongo, mwana. Kodi m'dziko lonseli mulibe munthu wina?"

Ndinagona mochedwa usiku umenewo, chifukwa onse awiri ankanena zoona.

## Nyumba zazikulu

M'mawa, tikupita ku sukulu ya pulayimale kumene kunali malo ovotera, mchimwene wa mnzanga anandiphunzitsa mawu ena: ban yai, nyumba yaikulu. A Shinawatra ndi amene amadziwika kunja, koma pafupifupi chigawo chilichonse chili ndi banja lake. Ku Suphan Buri kuli a Silpa-archa: Banharn anakhala nduna yaikulu mu 1995, anamanga misewu ndi zipatala kwawo mpaka anthu anayamba kutcha chigawocho Banharn-buri, ndipo ana ake analowa m'malo mwake. Ku Chonburi kuli a Khunpluem. Ku Sa Kaeo kuli a Thienthong. Ku Buriram, m'Isan momwemo, kuli a Chidchob: bambo anali sipikala wa nyumba ya malamulo, mwana wawo Newin anamanga bwalo la mpira la Buriram United ndi bwalo la mipikisano ya magalimoto, ndipo chipani cha Bhumjaithai chimamumvera ngakhale alibe mpando uliwonse mmenemo.

Kagwiridwe kake ndi kosavuta kumva. Bambo ndi phungu, mayi kapena mchimwene akutsogolera khonsolo ya chigawo, msuweni ali ndi kampani yomanga misewu, ndipo pansi penipeni pali bambo a kabuku aja, amene amadziwa nyumba imene muli wodwala ndi imene muli ngongole. Chipani chikathetsedwa, nyumba siithetsedwa. Imangosintha mtundu wa jekete n'kusamukira kwina ndi mavoti ake onse. Mu Disembala 2008 ndi gulu la Newin limene linachoka kumbali ya Thaksin n'kuika Abhisit Vejjajiva wa chipani chotsutsa pampando, popanda munthu kuponya voti ina.

## Kuwerenga poyera

Kuvota kunatsekedwa 5 koloko madzulo, ndipo mabokosi anatsegulidwa pomwepo, anthu akuona. Wina ankatulutsa pepala, n'kulikweza m'mwamba, n'kutchula nambala mofuula. Wina ankalemba kandodo pa pepala lalikulu lomatidwa pa bolodi. Ana ankasewera, agogo atakhala pa mikeka, achinyamata akujambula ndi mafoni. Ndinaima pamenepo mpaka kunada, ndipo ndinganene ndi mtima wonse kuti pa sukulu imeneyo palibe voti imene inabedwa.

Pa pepala la pepo nambala ya bambo aja inapeza mavoti ambiri ndithu. Koma pa lobiriwira mzere umene unkatalika unali wa Pheu Thai, chipani cha Mae, chimene chinalowa m'malo mwa zipani za Thaksin zothetsedwa zija, ndipo pambuyo pake pankabwera mzere umene palibe amene anaugawira ndalama m'mudzimo: Move Forward, chipani cha mtundu wa lalanje, cha achinyamata, chotsogozedwa ndi Pita Limjaroenrat.

Pofika pakati pa usiku dziko lonse linali litadabwa. Move Forward inapeza mipando 151, Pheu Thai 141. A lalanje anatenga mipando 32 mwa 33 ya ku Bangkok, ndipo anatenganso yambiri ku Chiang Mai, kwawo kwa Thaksin. Mnzanga analira. Mae nawo anakondwa, chifukwa zipani ziwirizi zinali mbali imodzi, yokana asilikali. Prayut, amene ankalamulabe dziko chilandireni boma, ndi msilikali mnzake Prawit Wongsuwan anthu amawatcha malume, ndipo mawu a kampeni a achinyamata anali akuti pamene pali malume ife palibe. Pa 22 Meyi, tsiku lomwelo limene boma linalandidwa zaka 9 m'mbuyomo, zipani 8 zinasainirana mgwirizano wokhala ndi aphungu oposa 310.

Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha. Agalu analira, ndalama zinayenda, koma anthu anasankha zimene ankafuna.

## Dzuwa likuswa mtengo

Malamulo oyendetsera dziko a 2017, amene analembedwa asilikali akulamula, anali ndi msampha woonekeratu. Posankha nduna yaikulu, aphungu 500 osankhidwa ndi anthu ankavota pamodzi ndi maseneta 250 oikidwa ndi boma la asilikali. Pa 13 Julayi 2023 Pita anafunika mavoti 375. Anapeza 324. Maseneta amene anamuvotera anali 13 okha. Chifukwa chimene ankapereka chinali chakuti chipani chake chinkafuna kusintha gawo 112 la malamulo a milandu, limene limapereka chilango cha zaka 3 mpaka 15 m'ndende kwa wonyoza Mfumu. Patatha masiku 6 khothi linamuimitsa pa uphungu chifukwa cha masheya a kampani ya TV ya iTV, imene inali itasiya kuwulutsa kalekale.

Ndinaonera zimenezi pa TV ya m'kantini, ophunzira anzanga ali phee, mpunga ukuzizira m'mbale. Ndinauza mnzanga kuti asataye mtima, khothi likhoza kukonza zinthu. Ndinkalankhula ngati Mmalawi. Pa 3 Febuluwale 2020 ndinali ndamva ndi makutu anga oweruza asanu akufafaniza chisankho cha Tipp-Ex n'kubwezera anthu voti yawo, ndipo m'mutu mwanga mawu akuti khothi ankatanthauza pothawirapo. Mnzanga anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandikumbutsa kuti mwezi womwewo wa Febuluwale 2020, khothi la kwawo linathetsa Future Forward, chipani choyamba chimene iye anavotera m'moyo wake.

Apa ndi pamene maganizo anga anatembenuka. Zaka zonsezi ndinkayang'ana kumene agalu akuuwa. Koma bambo a kabuku anagwiritsa ntchito 1,500 baht pakhomo pathu paja, ndipo sanathe kulowa ndi Mae m'kachipinda kovotera. Anthu 250 aja sanayende usiku, sanabise nkhope, sanaphwanye lamulo lililonse. Anakhala pa mipando yawo masana, makamera akujambula, n'kuika pambali mavoti oposa 14 miliyoni a pa pepala lobiriwira. Ndipo mawu amene ndinkamva kawirikawiri kwa anthu ophunzira a m'tauni, akuti anthu a ku Isan ndi osauka ogulitsa mavoti, ndi amene akhala akugwiritsidwa ntchito zaka zonsezi ngati chifukwa chowalandira chisankho chawo. Zimandipweteka kuti nanenso ndinafika m'mudzi muja ndi maganizo omwewo.

## 22 Ogasiti

Sabata imeneyo ndinali nditabwereranso kumudzi kukaona mpunga umene tinathandiza kuwokera. Minda inali itabiriwira, madzi ali nde nde nde.

M'mawa wa pa 22 Ogasiti, ndege yaing'ono inatera pa bwalo la Don Mueang. Thaksin anatuluka, patatha zaka 15 ali kunja, n'kugwada pansi pa chithunzi cha Mfumu. Mae anali atavala malaya ofiira aja. Anagwira foni ndi manja awiri, misozi ikutsika, akungonena kuti wabwera, wabwera.

Masana a tsiku lomwelo nyumba ya malamulo inasankha Srettha Thavisin wa Pheu Thai kukhala nduna yaikulu ndi mavoti 482. Maseneta ambiri amene anakana Pita anamuvomera. M'boma latsopanolo munalibe Move Forward. Munali Bhumjaithai, munali chipani cha Prawit, munalinso chipani chimene chinaimika Prayut. Malume onse awiri anali ndi anthu awo m'katimo. Thaksin anapatsidwa zaka 8 m'ndende pa milandu yakale ya katangale, koma usiku womwewo anasamutsidwira ku chipinda cha pa nsanjika 14 ya chipatala cha apolisi. Masiku angapo pambuyo pake Mfumu inachepetsa chilangocho kufika chaka chimodzi.

Palibe amene anafunika kufotokozera Mae tanthauzo la zinthu ziwirizi kuchitika tsiku limodzi. Madzulo sanadye. Anakhala pa thandala akuyang'ana minda mpaka mdima. Mnzanga, amene ndinkaopa kuti anena kuti ndinakuuzani, anangokhala pambali pawo osalankhula.

Kenako Mae anafunsa funso, osayang'ana aliyense wa ife.

"Nanga aja anafera pa phula aja, akawauze ndani?"

Anavula malaya aja, anawapinda monga kale, n'kuwabwezera m'jumbo. Khadi lagolide analisiya kunja.

## Mauthenga a pa Line

Ndinabwerera kwathu, koma ine ndi mnzanga timalankhulabe pa Line, pulogalamu ya pafoni yonga WhatsApp, ndipo nkhani zotsatira zinkandipeza motsatizana ngati mvula ya mvumbi.

Pa 7 Ogasiti 2024 khothi linathetsa Move Forward n'kuletsa Pita kuchita ndale zaka 10. Aphungu otsala anayamba chipani china, People's Party, mtundu wake wa lalanje womwewo. Patatha sabata imodzi khothi lomwelo linachotsa Srettha chifukwa chopatsa unduna loya amene anakhalapo m'ndende. Masiku awiri pambuyo pake Paetongtarn anakhala nduna yaikulu ali ndi zaka 37, wachitatu wa dzina la Shinawatra pampandowo.

Sanathe nthawi. Mu Juni 2025, mkangano wa m'malire ndi Cambodia utakula, analankhula pa foni ndi Hun Sen, mtsogoleri wakale wa Cambodia, mnzawo wakale wa bambo ake. Anamuitana kuti malume, n'kunena mawu odzudzula mkulu wa asilikali a Thailand a chigawo chimenecho. Hun Sen, amene naye anasiyira mwana wake Hun Manet mpando, anajambula zokambiranazo, ndipo zinatulukira poyera. Mabanja awiri anayesa kuthetsa nkhani ya mayiko awiri ngati nkhani ya pachibale. Kumapeto kwa Julayi mabomba anagwa m'midzi ya ku Surin ndi Sisaket, kum'mwera kwa Isan, ndipo amene anathawira m'masukulu ndi m'makachisi anali alimi a mpunga ngati Mae.

Pa 29 Ogasiti 2025 khothi linachotsa Paetongtarn. Pa 9 Seputembala khothi lalikulu linagamula kuti miyezi imene Thaksin anakhala m'chipatala siiwerengedwa, ndipo anapita kundende kukagwira chaka chimodzi. Pakati pa masiku awiriwa, pa 5 Seputembala, nyumba ya malamulo inasankha Anutin Charnvirakul wa Bhumjaithai, mwana wa Chavarat, mwini kampani yaikulu yomanga ya Sino-Thai amene anagwirizirapo unduna waukulu mu 2008. Nyumba ina inatuluka, ina n'kulowa.

Chimene chinamuswa mtima mnzanga n'chakuti mavoti amene anaika Anutin pampando anachokera ku chipani chake chomwe. People's Party inamuvotera posinthana ndi lonjezo lakuti athetsa nyumba ya malamulo m'miyezi inayi ndi kutsegula njira yolembanso malamulo oyendetsera dziko. Anandifotokozera zifukwa zake kwa mphindi zambiri, ndipo zina zinali zomveka. Koma mawu ake anali ngati a Mae usiku uja akufotokoza za matenti ndi mipando.

Tikulankhula choncho pa vidiyo, nkhope ya Mae inatulukira kumbuyo kwake. Ndinawapatsa moni wophatikiza manja, iwo n'kundifunsa ngati mpunga wa kwathu unabereka bwino. Kenako anakweza dzanja lamanja, zala zonse zitapindidwa, n'kuwonjezera chala chimodzi cha kumanzere. Asanu ndi mmodzi tsopano.

"Mayi, mukavotabe?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati adzabzala mvula ikagwa. Anati tsiku likangolengezedwa ndiwauze ana awo onse awiri asungitse malo m'basi msanga, chifukwa imadzaza. Ndipo anawonjezera kuti bambo a kabuku aja anali atadutsa kale dzulo lake, kudzafunsa ngati mnyamata wa ku Bangkok uja dzina lake likadali m'kaundula wa m'mudzimo.